Tonse tikukumba, nanga wobzala ndani?

Mzinda wa Lilongwe wayamba kumwa zitsamba mosabisa. Kale munthu wovala tayi akafuna mizu ankatuma wantchito, kapena ankanyamuka yekha kachisisira kuopa maso a akumpingo. Lero manyaziwo anatha. Mumsika waukulu wa ku Old Town, kumene kumakhala azitsamba, mupeza timitolo ta mizu, makungwa oyalidwa pachiguduli ndi ufa wa mitengo m'timabotolo, ndipo ogula ena amakhala atasiya galimoto zonyezimira kumsewu. M'malo omwera mowa anyamata akuzungulira ndi gondolosi m'manja. Mukalowa m'masitolo akuluakulu muona shelefu yathunthu ya tiyi wa zitsamba: rooibos wa ku South Africa, chammwamba, chidede, ndi timabokosi ta zilembo za Chitchaina timene wogula sangawerenge ngakhale liwu limodzi. Wina akufuna kuphwetsa mimba, wina kutsitsa shuga ndi BP, ndipo abambo ena akufuna zimene sizinenedwa mokweza.

Ana anga, ine sindidana ndi zitsamba. Tinakula nazo. M'mimba mukapota tinkamwa muwawani, ndipo kuwawa kwake sitinakuiwale mpaka lero. Chimene chandilembetsa ndi funso limodzi limene ogula a ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 safunsa. Muzu mwagulawo wachokera kuti, ndipo pamalo pamene wachokapo patsala chiyani? Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndiloleni nditsine.

Tiyambe ndi gondolosi, poti ndiye mfumu ya mizu m'tauni muno. Akatswiri a zomera amamutcha Mondia whitei. Ambiri amene amamutafuna sanaonepo tsamba lake. Ndi chomera choyanga, cha masamba akuluakulu, chimene chimakwera mitengo ya m'nkhalango zachinyezi, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri. Chimabala zikhokhombe zimene zikauma zimang'ambika, njere zake zokhala ndi ubweya n'kuuluka ndi mphepo. Muzu wake umayamba ndi kuwawa, kenako n'kutsekemera, ndipo fungo lake silisowa. Vuto lagona pakuti chimene tikufuna ife ndi muzuwo. Wothyola masamba a chammwamba akabwera pakatha mwezi apeza ena ataphuka. Wokumba gondolosi akazula zonse, pamalopo patha, ndipo kuti pamerenso pafunika njere igwe pabwino, moto wolusa usaipeze, mbuzi zisadye mmera, papite zaka. Ku KwaZulu-Natal, kumene amamutcha umondi, gondolosi wakutchire anasowa kwambiri moti ali pamndandanda wa zomera zimene zili pangozi yotheratu. Ku Kenya, m'mbali mwa nkhalango ya Kakamega, anthu ataona kuti mukombero wawo akutha anayamba kumulima m'minda mothandizidwa ndi bungwe lofufuza la ICIPE. Ife kuno tikudalirabe kuti mphepo itibzalira.

Asing'anga akale anali ndi malamulo, ngakhale sanawalembe. Khungwa ankasenda mbali ya kum'mawa ndi ya kumadzulo kokha, osazunguliza mtengo wonse. Mtengo umene wina wasenda kale ankaupitirira. Pokumba ankadula mizu iwiri kapena itatu ya m'mbali, muzu waukulu n'kuusiya. Ankati ukapha mtengo, wodwala amene wamutengera mankhwalawo sachira. Achinyamata ophunzira amaseka akamva zimenezi, koma taganizirani zotsatira zake: mtengo wosendedwa mbali ziwiri umapola bala, wozungulizidwa umauma chiimire chifukwa njira ya chakudya chake yadulidwa. Mantha a sing'anga ankasunga nkhalango popanda mlonda wa boma. Mawu a akulu akoma akagonera.

Chinaswa malamulowa ndi thumba. Sing'anga ankakumbira wodwala mmodzi amene akumudziwa dzina. Wokumba wa lero akukumbira thumba la makilogalamu 50 limene mwini wake ali m'tauni ndipo amalipira potengera kulemera. Munthu wotere simungamuuze za kum'mawa ndi kumadzulo. Sindikumuweruza ayi. Kunyumba wasiya ana opanda ufa, ndipo ndalama imene amalandira ndi yochepetsetsa pa onse amene muzuwo udutse m'manja mwawo. Amene ali ndi mphamvu pankhaniyi ndi wogula, ndipo wogulayo ndinu.

Mukafuna kuona kumene msewu umenewu umathera, yang'anani ku Mulanje. Mkungudza wa m'phirimo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 1984 Kamuzu anaulengeza kukhala mtengo wa fuko. Mu 2017 ofufuza atayendera phirilo anapezamo mitengo ikuluikulu yamoyo 7 yokha. Matabwa ake onunkhira aja anathera m'zitseko, m'madenga ndi m'timabokosi togulitsa alendo, ndipo ena ali m'nyumba zokongola za mumzinda uno. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri, koma amene akubzalawo sadzaona mtengo wocheka. Ku Nyika nako anthu akukumba chinaka usiku ndi usana kuti chikagulitsidwe ku Zambia. Pafupi pompano, Dzalanyama kumene umachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa tonse, anafika poti boma linatumizako asilikali mu 2015 chifukwa cha makala. Nkhwangwa imene ikugwetsa mitengo ya makala ikugwetsanso naphini, mpoza ndi chitimbe, ndipo gondolosi wosowa poyanga samakhalitsa. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Tsono tinene za anzathu a ku China, poti timabokosi tawo tadzaza m'mashelefu chiyambire ubale wa maiko awiriwa kumapeto kwa 2007. Ambiri timaganiza kuti kwawoko mapiri ndi odzaza mankhwala osatha. Iwonso anapsa ndi moto womwewu. Ginseng wakutchire, muzu umene amaulemekeza kuposa yonse, anakumbidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, ndipo pafupifupi yense amene akugulitsidwa lero ndi wolimidwa m'munda. Kuli chitsamba china chaminga cha m'mapiri a kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, dzina lake ciwujia, chimene mizu yake amapangira mankhwala, masamba n'kufulira tiyi. Nachonso chinachepa kutchire chifukwa chozulidwa mopanda chifundo. Kumapiri aatali a ku Tibet ndi Yunnan kuli duwa la mankhwala lotchedwa snow lotus. Mu 2005 ofufuza atayerekeza maluwa akale osungidwa m'nyumba zosungira zomera ndi a masiku ano, anapeza kuti duwali lafupika. Anthu ankathyola aataliatali asanabale njere, otsala obereka n'kukhala aafupi okhaokha. Dyera la munthu linasintha msinkhu wa chomera.

Koma taonani zimene anachita ndi tiyi wawo wotchuka wa Da Hong Pao. Pathanthwe lina m'mapiri a Wuyi, m'chigawo cha Fujian, pali zitsamba zakale 6 zimene zimatengedwa ngati makolo a tiyi ameneyu. Mu 2006 akuluakulu a derali analetsa kuthyola tsamba ngakhale limodzi pazitsambazo. Kodi malonda anatha? Ayi. Anali atadula kale nthambi n'kuzibzala m'minda, ndipo tiyi amene dziko likumwa lero akuchokera kwa ana ndi adzukulu a zitsamba zija. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ife tikulandira bokosi la tiyi, kalumo n'kukasiya pakhomo.

Nkhani imene ndimafuna mwana aliyense wa sukulu aidziwe ndi ya mankhwala a LA. Palibe Mmalawi amene sanamwepo kapena kumwetsa mwana timapiritsi tachikasu timeneti. Ndi angati akudziwa kuti muli chitsamba cha ku China? Mu 1967, nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, boma la China linayambitsa ntchito yachinsinsi yofunafuna mankhwala atsopano a malungo, chifukwa chloroquine anali atayamba kulephera. Mayi wina, Tu Youyou, ndi gulu lake anasanthula njira zochizira zakale zoposa 2,000. Chitsamba cha qinghao, chimene ife timangoti Artemisia, chinkaonetsa mphamvu lero, mawa n'kulephera. Mayiyu anabwerera ku buku la sing'anga wina, Ge Hong, amene anakhalako zaka zoposa 1,600 zapitazo, ndipo anaona kuti mkuluyo ankanyika masambawo m'madzi n'kuwafinya, osawiritsa. Apo m'pamene anazindikira kuti moto ukuwononga mankhwalawo. Atasintha njira, mu 1971 zinatheka. Anayamba wamwa yekha asanapatse odwala. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel.

Dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo linali loyamba mu Africa kutero. Fansidar atafooka, mu 2007 tinayamba LA. Miyoyo ya ana imene yapulumuka chiyambire nthawiyo ndi yosawerengeka. Zonsezi zinatheka chifukwa sing'anga wina analemba zimene ankadziwa, ndipo patapita mibadwo panapezeka munthu wodekha wowerenga, woyesa ndi wopima muyezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga ife, nzeru za agogo athu zili pati? Gogo akamwalira timagawana mbale ndi nsalu, koma palibe anakhala nawo pansi ndi kope kufunsa kuti muzu uja munkapatsa mwana wa chifuwa unali wa mtengo wanji, wochuluka bwanji, ndipo ndani sayenera kumwa.

Apa ndichenjeze, chifukwa ena akamva nkhani ya Artemisia amathamangira kubzala kuseri kwa nyumba n'kumati chipatala chatha ntchito. Chitsambachi chilipodi m'dziko muno, ndipo ena amamwa ngati tiyi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limakana kuti masamba amenewa azigwiritsidwa ntchito pochiza malungo, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mphamvu ya m'masamba imasiyana malinga ndi nthaka, nyengo ndi kaumitsidwe. Mukamwa yochepa, tizilombo tina timafa, tolimba n'kutsala, n'kuphunzira kupirira. M'piritsi la LA muli mankhwala awiri ophatikiza kuti amene wapulumuka kwa woyamba akumane ndi wachiwiri. Ku Rwanda, Uganda ndi Tanzania zizindikiro zoti tizilombo tayamba kupirira zaoneka kale. Tinataya chloroquine, tinataya Fansidar, ndipo tikataya LA tidzalira ndi ana m'manja. Mwana akatentha thupi mupite naye akabayidwe chala, ndipo akamupatsa mankhwala amalize masiku onse 3, m'mawa ndi madzulo.

Za timabokosi ta tiyi wochepetsa thupi, amayi anga a m'maofesi, mverani izi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mumzinda wa Brussels ku Belgium, amayi ofuna kuonda anapatsidwa makapisozi a zitsamba zochokera ku China. Pena pake panjira chitsamba choyenera chinasinthanitsidwa ndi china cha mtundu wa Aristolochia. Amayi oposa 100 anawonongeka impso, ambiri anafika podalira makina osefa magazi, ena anadwala khansa. Izitu zinachitika ku Ulaya, kumene zipatala zili ponseponse. Kuno makina otere m'zipatala za boma ndi owerengeka, ndipo aliyense amene anaperekezapo m'bale ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth akudziwa kutalika kwa mzere wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lopanda dzina la chomera m'chilankhulo chimene mungawerenge, lopanda adiresi ya wopanga, lolonjeza kuchiza shuga, BP, kusabereka ndi khansa nthawi imodzi, lisiyeni pashelefu. Tili ndi bungwe la PMRA limene lamulo la 2019 linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala, ndipo kufunsa ngati chinthu chinalembetsedwa kumeneko si mwano. Safunsa anadya phula.

Zakwathu nazonso zimapha, tisanamizane. Anamwino a ku Bwaila angakuuzeni za amayi amene amafika atamwa mwanamphepo kuti matenda ayambe msanga, chiberekero n'kukoka mopyola muyezo mpaka kung'ambika. Ndipo amsinkhu wanga tikukumbuka 1995, pamene Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga ananena kuti walota mankhwala a Edzi. Malole, mabasi ndi galimoto za mabwana zinakhamukira kumeneko kukamwa mchape. Maliro sanaleke. Anayamba kuchepa pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004. Amene muli pa ma ARV, pa mankhwala a shuga kapena a BP, muuzeni dokotala chilichonse chimene mukumwa kumbali. Zitsamba zina zimafooketsa mankhwala a kuchipatala, zina zimawawonjezera mphamvu mpaka munthu kukomoka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tibwerere kushelefu kuja. Rooibos amene mumagula modula uja ndi chitsamba cha m'mapiri, ndipo chimamera dera limodzi lokha, cha ku Cederberg ku South Africa. Anthu a mitundu ya Khoi ndi San ndiwo ankachidziwa. Chinakhala chakutchire mpaka cha m'ma 1930 pamene anthu anapeza njira yomeretsera njere zake zouma gwa, ndipo lero chikumwedwa m'maiko ambiri. Mu 2019 makampani anasaina pangano loti 1.5 peresenti ya mtengo wogulira rooibos kwa alimi izipita kwa mitundu iwiri ija, pothokoza nzeru za makolo awo, ndipo mu 2022 ndalama yoyamba, yoposa 12 miliyoni ya ma rand, inaperekedwa. Ifenso tili ndi tiyi wathu wakutchire. Anthu a ku Chilumba m'boma la Karonga amafula masamba a kachitsamba kotchedwa Fadogia ancylantha, komweko kamene ku Zimbabwe amagulitsa m'mapaketi pa dzina la Makoni. Akatswiri a ku Chancellor College, pamodzi ndi anzawo a ku South Africa, anafufuza masambawa ndipo mu 2012 anasindikiza zimene anapeza zokhudza matenda a shuga. Kafukufuku wa mu labotale si chilolezo choti munthu ataye mankhwala ake a shuga, komabe ndi poyambira. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tsiku limene kachitsambaka kadzatchuke mu Lilongwe, ogula adzafika ndi matumba nazale isanakhalepo ngakhale imodzi.

Ndiye inu a m'ma Area, ndinu amene ndakuyang'anani. Pamene likulu linkasamuka ku Zomba mu 1975, okonza mzindawu anakupatsani mapoloti aakulu oti kumudzi munthu angalimepo chimanga chodya miyezi ingapo. Mwabzalamo kapinga amene amamwa madzi chilimwe chonse, ndi maluwa ochokera kunja oti ngakhale mbuzi siingadye. Muli ndi mpanda wa njerwa wotchinga moto ndi ziweto, muli ndi madzi, muli ndi wantchito wosamalira panja. Zonse zimene gondolosi amasowa kutchire zili kuseri kwa nyumba yanu. Amamera ndi njere, amameranso ndi nthambi zodula. Amafuna nthaka ya manyowa, kamthunzi, ndi mtengo kapena waya woti ayangepo. Pakatha zaka zingapo mutha kufukula mbali imodzi, kudula mizu yochepa n'kukwiriranso. Muwawani ndi mvunguti ndi mitengo yokongola pabwalo, ndipo maluwa achikasu a muwawani saposedwa ndi a mitengo yobwera ija yadzaza m'misewu yathu.

Musati simudziwa kofunsa. Munda wa zomera wa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens uli pafupi ndi Capital Hill pomwepo, ndipo ambiri mumangoudziwa ngati malo ojambulitsira zithunzi za ukwati. Ku Bunda kuli aphunzitsi a zankhalango ndi zaulimi wa mbewu za kudimba. Anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu amadzaza machubu ndi chimene ogula akufunsa. Mukafunsa gondolosi anthu khumi, mwezi wa mawa mudzamupeza pamenepo. Mipingo ndi sukulu za m'ma Area zili ndi malo ongokhala. Mutu umodzi susenza denga, koma mabanja makumi awiri a mumsewu umodzi akhoza kukhala ndi nazale yopatsa mbande mudzi wonse kumene wantchito wawo amachokera, kuti wokumba uja akhale mlimi wokolola pamunda pake, wotchula yekha mtengo.

Kwa azitsamba a mumsika, abale anga, malonda anu ali m'manja mwa phiri. Inu nomwe mumadandaula kuti mizu ina ikuchokera kutali kuposa kale, ina mpaka ku Mozambique, ndipo yobwerayo ndi yowonda chifukwa yakumbidwa isanakhwime. Kanani makungwa ooneka kuti mtengo wasendedwa mozunguliza. Muuzeni wogula dzina lenileni la mtengo, ndipo wodwala amene mukuona kuti ngwa kuchipatala m'tumizeni akadali ndi mphamvu zoyenda. Sing'anga wodziwa malire ake anthu amabwererako.

Achinyamata inu a mafoni, tchuthi chikubwerachi pitani kumudzi ndi kope. Khalani ndi agogo, ndi azakhali, ndi azamba akale. Jambulani tsamba, duwa ndi chipatso, chifukwa muzu wokha suuza munthu mtengo wake. Lembani dzina la Chichewa, la Chiyao kapena la Chitumbuka, malo amene chomeracho chimapezeka, mwezi wokolola, muyezo wake ndi amene amaletsedwa kumwa. Mukapeza zikhokhombe za gondolosi zokhwima, thyolani zisanang'ambike, muziike m'pepala pamthunzi mpaka zitseguke zokha, muchotse ubweya, ndipo mufese msanga chifukwa njere zake sizikhalitsa. Mukafesa m'machubu nyengo yotentha n'kumathirira, pofika mvula yokhazikika ya mu Disembala mbande zidzakhala zokonzeka kuwokera. Ziwiri musiye kwa agogo, zotsalazo mubwere nazo ku Lilongwe.